Mawu a Teleza ali pa kadi yakale

Aphungu,

Mtendere ukhale ndi inu. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndinakalambira m'minda ya tiyi monga kapitawo wa othyola masamba. Ndadza kwa inu ndi mtima wolema.

Akazi anga, malemu a Teleza, ndiwo anali oyambitsa nyimbo m'kwaya ya amayi a pa esiteti. Kwayayo inajambula nyimbo zake m'tchalitchi tsiku la mvula. Ine ndikalandira malipiro ndinkapita kwa a Amosi, oika nyimbo m'mafoni pa Masambanjati, ndi kugula imodziimodzi, kufikira kadi ya foni yanga inadzala. Chimwalirireni iwo, nyimbozo ndizo zimakhala nane pakhonde.

Tsopano mwana wanga Caleb wanditumizira foni yatsopano. Koma taonani, nyimbo zina zikana kulira m'menemo, zina zimveka monga za munthu woimbira m'mtsuko. A Amosi anati: "Madala, izitu n'zamakedzana. Lipiraninso ndikuikireni zomveka bwino, koma kadi yanuyi ndiyambe ndaifufuta." Ndinakana kuifufuta, ndipo ndinagula zochepa zoyesera. Zimveka bwinodi, pakuti kwaya inaziimbanso ku situdiyo. Koma woyambitsa ndi wina. Mvula ya pa malata mulibe. A Teleza mulibe, iwo amene ankatsogola anzawo asanakoke mpweya, nakokera mawu ku Chilomwe cha amayi awo.

Kodi ndilipire kawiri chimene ndinagula kale, ndi kutaya iwo amene ndinachigulira? Kapena ndine nkhalamba yofumbata mthunzi?

F.M., Masambanjati

A F.M.,

Simunafumbate mthunzi ayi. A Amosi akugulitsa nyimbo, inu mukusunga mawu a akazi anu. Ndi katundu wosiyana ameneyo.

Kadiyo isafufutidwe, ngakhale atakulonjezani kwaya ya angelo. Gulani kadi ina, a Amosi akopere zonse monga zilili, inu muli chilili pomwepo. Za "mubwere mawa" musalole. Mukatero, yakaleyo muisunge pouma, chifukwa chinyontho cha ku Thyolo mukuchidziwa.

Za nyimbo zimene zikukana kulirazo muwauze a Caleb. Kawirikawiri nyimbo yotere imangofunika kusinthidwa pa kompyuta, osati kugulidwanso. Zikavuta, kawayilesi kakang'ono kolowa kadi nthawi zambiri sikasankha nyimbo. Apatseninso a Caleb nyimbozo asunge kwawo. Kwa iwonso, amenewo ndi mawu a mayi awo.

Koma ndikuchenjezeni, bambo: musamamvere nokha masiku onse. Amayi amene anaimba nawo tsiku lija alipo ena. Aitaneni pakhondepo, a Teleza ayambitse, iwo alandire.

Zomveka bwinozo zidikire. A Amosi akadandaula kuti zakalezo zachuluka phokoso, auzeni kuti mvulayo munailipira kale.