Linux Yalowa, Alamu Atuluka

Area 25, Lilongwe
14 Ogasiti 2006

Okondedwa achemwali a Ellina,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukupezako bwanji? Ine kuno thupi lili bwino, koma mutu wabalalika. Kalata ino muwerenge mutakhala pansi.

Mukudziwa kuti ndimayang'anira makompyuta pakampani ya malole ino. Kompyuta iliyonse imayenda ndi pulogalamu yaikulu imene imalamulira zonse za m'katimo. Yathu inali yogula kunja, laisensi yake yolipira mobwerezabwereza, komanso yosachedwa kugwidwa ndi mavairasi. Ilipo ina yotchedwa Linux, yaulere, yoti aliyense akhoza kuikopera, kuikonza ndi kugawirako mnzake. Chiyambire chaka chatha ndakhala ndikuwavutitsa mabwana kuti tisinthe. Paja mumandidziwa, ndikagwira nkhani sinditaya.

Poyamba ankangondiseka. A Bwanali, mkulu wa kampani, anandifunsa ngati padziko pano alipo wamisala wopereka chinthu chabwino ulere. Azachuma ankati ikadzawonongeka tidzakalirira kwa yani. Pamsonkhano wa mwezi watha ndinawafunsa ngati kwawo sasunga mbewu ya chimanga cha makolo, chija umabzala, kusungako, n'kupatsako mnansi, kusiyana ndi cha m'sitolo chofuna kugula dzinja lililonse. Kenako ndinawaonetsa kompyuta ya pamalo olandirira alendo, imene ine ndi amuna anu, alamu a Silvesta, tinaikamo Linux mwakachetechete. Chiikireni sinavutepo. A Bwanali anamenya tebulo, nati makompyuta onse asinthidwe. Ndinatuluka m'chipindamo ndikudzimva kuti ndine munthu.

Achemwali, Lolemba lapitali ndinamva zimene sindinaziganizepo. Ntchito ya alamu, imene ndinawapezera ndine, inali yochotsa mavairasi ndi kudzutsa makompyuta akafa. Mabwana aona kuti ntchito imeneyo tsopano palibe, ndiye awachotsa. Ndinalowa mu ofesi ya a Bwanali osagogoda n'komwe. Iwo anandifunsa kuti ndikudabwa chiyani, pamene ndinawalonjeza ndekha kuti makompyuta sadzafunanso wowadzutsa. Ndinanenadi, mokweza ndithu, anthu onse akumva. Miyezi yonseyi maso anga anali pa makina, munthu wodya naye mbale imodzi osamuona.

Koma chandiimitsa mutu ndi ichi. Nditaweruka ndinawapeza alamu kunyumba akusita malaya awo, mtima uli m'malo. Nditayamba kupepesa, anandiuza kuti iwo anaziona kale, tsiku lomwe tinasintha kompyuta yoyamba ija. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandichenjeze. Anati iwo ndi mkamwini, anakwatira pamudzi pathu, akugona m'nyumba mwanga, ntchito anaipeza m'dzina langa. Akanayamba bwanji kutsekereza mwini mbumba zinthu zikumuyendera? Tangoganizani! Munthu ankandigwirira mawaya, kundinyamulira makina, nthawi zina kundilimbikitsa mabwana akandinyoza, akudziwa kuti akudzikumbira yekha dzenje. Mpaka lero ndikulephera kuwayang'ana kumaso.

Ndawanyengerera kuti akhale, ndiwaphunzitse Linux yomweyo tifunefune kwina, koma akana. Akuti akaone kaye ana. Akwera basi Lachisanu, akatsikira ku Limbe, ndipo pa Namadzi afika chakumadzulo. Mukawachingamire.

Pempho langa ndi limodzi. Pamudzi pathu ndimapadziwa bwino. Amalume ayamba zoti mkamwini tauni yamukanika, wabwerako chimanjamanja, ndipo azakhali aziwonjezera ndi zawo. Alamu adzangowerama monga mwa nthawi zonse. Chonde, asanafike, muwawerengere amayi ndi amalume kalata ino yonse, osadumpha mzere, ngakhale pamene pakundiipitsa. Amve kuti amuna anu sanabe, sanaledzere, sanachite ulesi. Wawachotsa ntchito ndine, mwana wawo yemwe uja amamunyadira kuti anaphunzira.

Za sukulu ya mwana wanu Mtisunge musade nazo nkhawa, zili pamutu panga.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, azakhali ndi ana onse. Inuyo moni ndikuchita naye manyazi, komabe mulandire.

Ndine mlongo wanu,
Funsani