Madontho Atatu pa Hedi ya Adada

Lundazi Boma,
14 Ogasiti 2023.

Okondedwa akulu anga a Kenan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno amama ali bwino, mwendo wokha ndiwo ukuwavutabe. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndikamva mawu anu ndingoyankha kuti zonse zili bwino, monga ndinachitira Lachisanu. Ndinakunamizani.

Munandisiyira Pijo 404 ya adada kuti ndiidzutse, idzanyamule amama kupita ku Mwase pa 26, tsiku lovundukula chiliza cha malemu adadawo. Amama akukana minibasi. Akuti kwa amuna awo adzapita pa motoka ya amuna awo basi.

Nditatsegula injini ndinapeza gasiketi itapsa, oilo atasanduka ngati tiyi wamkaka, hedi, chivindikiro cha injini chija, itapindika pang'ono. Ndinaitsuka, ndinaika mavavu atsopano, ndinawapera ndi dzanja masiku awiri mpaka zikhatho zinachita matuza. Ndikupukuta, ndinaona madontho atatu okhomedwa ndi panchi, kachitsulo kosongoka kaja, pakona ya hedi. Mtima wanga unangoti awa ndife: inu, ine ndi mlongo wathu Jemima. Ndinanyamula hedi mpaka pakhonde kukawaonetsa amama. Anawasisita ndi chala, kutitchula mmodzimmodzi, kenako analira. Akuti sankadziwa kuti mwamuna wouma mtima uja amayenda ndi ana ake mu injini.

Ndinapita nayo ku Chipata kukaisikimitsa, kuti makina aisenge pansi ikhalenso yosalala. Bambo wa pamakinapo anandifunsa ngati inasengedwapo kale. Ine, makanika wa zaka khumi ndi ziwiri, ndinati ayi, adada sankalola munthu kuigwira. Ndinawonjezanso kuti asenge mopitirirako pang'ono kuti injini ikhale ndi mphamvu pazitunda. Ndinkafuna mudzatsike basi n'kumva motoka ikulira kuposa kale, munene kuti Luckson wakula.

Lachinayi ndinamanga hedi, mabawuti onse mwa ndondomeko yake. Mwayi wanga ndi wakuti sindinalize injini ndi kiyi. Ndinayamba ndazunguza injini ndi sipanala, monga ankachitira adada. Inayenda theka, kenako kho, n'kuima. Ndinabweza, ndinayesanso, kho pomwepo. 

Ndinakaitana a Haswell, mdala uja ankagwira ntchito ndi adada pagalaja. Tinamasula, iwo anamata kachidutswa ka sopo pamwamba pa pisitoni, tinamanganso n'kuzunguza. Titatsegula, vavu inali itadula sopo mpaka pachitsulo. Anatembenuza hedi, anaona madontho aja, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe mwana wa Danwell, unasikima futi? Sunaone izi?"

Ndinati ndinaona, ndi ana atatu a adada.

"Ana? Awiso anali kuchaya dontho limodzi pa sikimu iliyonse. Dontho lachitatu tinachaya tonse, ndipo anakamba kuti apa ndiye pothela, wosengako futi wapaya motoka."

Akulu anga, sindinadye tsiku limenelo. Hedi yatsika kwambiri moti vavu ikugunda pisitoni. Ndikanangotembenuza kiyi, bwenzi mavavu atapindika, pisitoni itasweka, ndipo ya mtundu uwu simungaipeze kuno ngakhale ku Chipata. Chitsulo chosengedwa sichibwerera. A Haswell akuti gasiketi yokhuthala ya kopa, ya mkuwa, mwina ingatipulumutse, koma akananso kulonjeza. Akuti ikhoza kugwira pagalaja n'kukatitaya pakati pa msewu wa ku Mwase, amama ali m'kati, anthu akudikira kumanda.

Ndikuopa. Ndikuopa kiyi uja, ndikuopa tsiku la 26, ndikuopanso nkhope yanu. Koma choposa zonse ndikuopa amama, chifukwa nkhani ya madontho afalitsa kale kwa amayi anzawo a kutchalitchi ku Umanyano, ndipo apempha abusa kuti adzaitchule pamanda.

Chonde yendani m'masikirapu a motoka zakufa a ku Kitwe ndi ku Ndola, mufunse hedi ya 404. Mukaipeza muyang'ane m'makona ngati ilibe zizindikiro, musachite ngati ine. Ikasowa, mundipezere gasiketi ya kopa ija, muitumize pa basi sabata ino. Zonditukwana mudzanditukwane mukafika, ndidzaimirira n'kumva zonse.

A Haswell andipatsa panchi ya adada kuti ndikhome dontho lachinayi, akuti ndiwo mwambo wa ntchito, kuti wina asadzalakwenso. Ili m'thumba mwanga tsiku lachinayi tsopano. Ndikakhoma, amama adzafunsa kuti mwana ameneyo ndi wa ndani. Ndipo mukapeza hedi ina, idzabwera yopanda dontho ngakhale limodzi. Mundiuze chochita, ndinu akulu.

Jemima akupereka moni. Amama nawonso, ndipo andiuza kawiri kuti ndisaiwale kulemba kuti dontho loyamba, lalikulu lija, ndi lanu.

Ndine mng'ono wanu,
Luckson.