Mbale Yoyera ya a Kalilu

Chia,
Nkhotakota.

Okondedwa achimwene a Fakiri,

Assalam alaikum. Kuno kwacha kotentha, mphepo kulibe, nyanja yangoti bata ngati siinachite kanthu. Ndayamba kulemba m'mawa uno nditangochoka ku mjigo. Ndakhala kuseri kwa khitchini kuti amayi asandifunse.

Kaya muli bwanji kumeneko ku Debeni, inu, alamu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe koma akuyenda. Mpunga tinapeza wochepa, chinangwa ndiye chilipo.

Mukudziwa kuti ine pakamwa ndi polemera, ndipo sukulu ndinalekera panjira. Mupirire nane. Amalume akuti akutumizirani mawu kuti inu, monga nkhoswe yanga, muvomere kuti ukwati wanga ndi a Kalilu uthe. Musanawayankhe, mumve kaye kwa ine.

Chaka chatha kunabwera boti la anthu ofufuza za m'nyanja. Ankafuna munthu wodziwa madzi a kuno ndipo anatenga a Kalilu. Ntchito yawo inali kumiza mbale yoyera yomangidwa ku chingwe, pang'onopang'ono, mpaka maso aleke kuiona, kenako kuyeza chingwecho. Akuti mbale ikasowa msanga ndiye kuti m'madzi mwachuluka tizomera tosaoneka ndi maso, timene timadyetsa tizilombo todyedwa ndi usipa.

Ine ndinkawaphikira tiyi. Mayi wina wa m'botimo, Mmalawi mnzathu, ataona kuti ndimangoyang'ana pansi, anandiitana n'kundionetsa zithunzi ziwiri. China chinali kanthu kobulungira kovala tizigoba, akuti kakulitsidwa ndi makina. China chinali nyanja yamchere yojambulidwa kuchokera kumwamba, pakati pake patayera ngati pathiridwa mkaka.

Anati kuyerako ndi tinthu tomweto tikaswana kwambiri. Timakoka mpweya wa mu utsi wa galimoto ndi wa moto wa tchire, ndipo tikafa timamira nawo wina pansi, n'kukhala komweko zaka zosawerengeka. Anati m'nyanja yathu muli abale ake opanda zigoba zoterozo, koma nawonso amanyamula. Ndinapita kunyumba ndikuganiza za manda aakulu oyera pansi pa madzi. Sindinauze munthu.

Pochoka a m'boti aja anawasiyira a Kalilu mbale ija, nati azipitiriza, adzabweranso. Sanabwerenso. Koma alamu anu mukuwadziwa, akavomera chinthu sabwerera. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti ankapalasa bwato okha kupita pakati, chifukwa ndilo tsiku limene sapita kokoka ukonde.

Tsiku lina chingwe chinaduka, mbale n'kumira. Anatenga mbale yanga yoyera ija munandigulira pa ukwati, n'kuiboola pakati ndi msomali. Ndinalira. Iwo anandiseka, ati ndisangalale, m'banja mwathu mbale ndiyo yayamba kulembedwa ntchito ya mu ofesi.

Mwezi watha mwera unabwera mochedwa, mwaukali. Utaleka, madzi anasanduka otuwa ngati otsukira mpunga, akununkha mazira owola. Nsomba zinayandama mimba zili m'mwamba, kampango, chambo, utaka, mpaka agalu anatopa nazo.

Amene anayambitsa zoloza chala a Kalilu ndi Dyton, uja munkasewera naye mpira, pano ali ndi ukonde wakewake wa chilimira. Padoko anafunsa kuti ndi msodzi wanji amapita pakati pa nyanja wopanda ukonde, wopanda mbedza, ali ndi mbale yoyera yokha, n'kubwerako chimanjamanja koma akumwetulira. Anzake anati mbale yoyera ndi yoperekera nsembe, ndipo nyanja yatengera mtundu wa mbaleyo. Ena anati a boti aja anawagula kuti azithira mankhwala.

Dyton anati ano ndi matipate, aliyense ali ndi ufulu wolankhula. Ufuluwo unafika kwa onse kupatula a Kalilu. Atangotsegula pakamwa anawakuwiza.

Ku mzikiti nako anawafunsa kuti Msilamu amachoka bwanji pa swala, pa pemphero penipeni, n'kukagwadira madzi ndi mbale m'manja. Anayankha kuti sagwada, amangowerama kuti aone bwino. Mkulu wina anati kusiyana kwa kugwada ndi kuwerama akakafotokoze tsiku lachiweruzo.

Achimwene, ine ndinalankhula. Inde, ineyo. Pa msonkhano wa padoko ndinaimirira. Ndinati madzi amatha kusintha mtundu okha, ngakhale ku nyanja yamchere, chifukwa cha tinthu ta zigoba tonyamula utsi kupita nawo pansi. Ndinakhala pansi. Kenako kuseka kunaphulika, amuna mpaka kugwira m'mimba. Dyton anati wosalankhula uja lero walankhula, ndipo tamvani zimene wamudyetsa mwamuna wake. Mpaka lero ku mjigo amanditcha Nazigoba.

Pambuyo pake wailesi inati mwera unatembenuza madzi a pansi opanda mpweya, ndipo nsomba zafa m'madoko ambiri, osati kuno kokha. Mwina zanga zija sizinali chifukwa chake chenicheni, ine sindidziwa. Koma si mbale. Anthu anati wailesi masiku ano imangonena za amene waidyetsa.

A Kalilu bwato anawaswera ndi nkhwangwa masanasana, anthu akuonerera. Amalume anabwera kudzanditenga, ati mwana wa mlongo wawo sangagone m'nyumba yolozedwa chala. A Kalilu anapita ku Dwangwa kukadula nzimbe. Munthu wokulira m'bwato, pano akuti manja ndi matuza okhaokha. Anatumiza uthenga woti ndisamale chimfine changa, za iwo eni osatchulako.

Chimene chikundidya mtima ndi ichi. A Kalilu atangochoka, madzi anabwerera mwakale. Usipa wabwera wambiri, mathandala adzaza, Dyton wagula nyali zatsopano. Aliyense akuti taonani. Amayi enieniwo, amene ankadya kampango wa a Kalilu n'kumawatcha mwana wanga, akuti ndikufunanso umboni wanji. Nyanja imeneyi inatidyetsa tonse, koma yasankha kukhala mboni yonama pa munthu mmodzi yekha amene ankapita kukaizonda.

Ndiye ndikupempha. Inu mumagwira ntchito padoko la sitima zikuluzikulu. Funsani anthu oyenda m'sitimazo ngati anaonapo nyanja itayera ngati mkaka, kumene a Kalilu sanapondeko, kumene mbale yanga sinafikeko. Zimene mumve mulembere amalume, osati ine. Mawu anga kuno ndi oseketsa. Anu amamveka, poti ndinu mwamuna, muli kunja, ndipo mumatumiza mabulangete.

Ngati inunso mukufuna ukwati uthe, musatumize mawu ndi munthu. Bwerani mudzanene ndikukuonani. Tsiku la nikahi, pomanga ukwati wathu, munawagwira dzanja a Kalilu n'kunena kuti mlongo wanu salankhula, azimumvera ndi maso. Iwo anasunga zimenezo. Sanandikwezerepo mawu, sanandigonekepo ndi njala. Mudzandiuze chimene analakwa kupatula kusunga lonjezo kwa anthu amene anawaiwala.

Amalume akuti adikira yankho lanu mpaka mvula yoyamba. Inenso ndidikira mpaka pomwepo, chifukwa cha ulemu wanu. Ikagwa ndisanamve kanthu, ndikwera minibasi ya ku Dwangwa. Sindikuopseza, achimwene. Ndikungofuna musadzamve kwa ena.

Tsiku loswa bwato lija mbale ija anaiponya pamchenga ataiponda, ine n'kuitola. Amayi akuti ndiitaye, mbale yobooka ilibe ntchito. Ndaiwongola ndi mwala, ndaikulunga m'chitenje, ili pakati pa zovala zanga. Mtolowo ndamanga kale.

Mulungu akusungeni pa ntchito yanu, akupatseni moyo ndi mtima womva. Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana, muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Amayi akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba.

Ndine mlongo wanu,
Rahila.

Ndamaliza lero Lachinayi, pa 14 Okotobala 1999, adhana yoitanira ku swala ya Asiri ikumveka. Kumwamba kulibe mtambo ndi umodzi womwe.