Ulusi wofiira umene ndinadula

Luveve, Bulawayo
10 Epulo 1984

Achemwali anga a Dorcas,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ntcheuko. Kuno tikudzuka, mvula ndiyo yatikana.

Mwana wanga Lyford anapita ku Kezi kukasiya ufa kwa apongozi ake. Kumeneko kuli asilikali, ndipo zina sizilembedwa m'kalata. Ponyamuka, mkazi wake MaDube anamumanga ulusi wofiira pamkono kuti umuteteze panjira. Ine ndinakalipa: “Mwana wa mkulu wa mpingo avale zachikunja?” Ndinaudula ndi lumo anthu akuona. Lyford anangoseka, nati, “Baba, musavutike, ndibwera Lolemba.”

Masabata asanu ndi awiri atha tsopano.

MaDube sanandinenepo kanthu. Amandipatsabe madzi osamba atagwada, ndipo ulemu umenewo ndi umene ukundipha. Mmwenye wa sitolo ya kuno amavala ulusi wotere, a Ziyoni amavalanso. Kodi ife amayi sanatimange tili makanda? Ndiuzeni, achemwali, munthu akaudula amatani?

Ulusiwo ndinautola pansi. Ndayesa kuumanga pamkono panga, koma poti ndinaudula, sukukwana.

Ine mlongo wanu,
Nason