Batire ya makala yandidanitsa ndi mwana wanga

Aphungu,

Ine ndine wometa tsitsi, ndipo mumsewu mwathu mulibe mutu umene sunagwadire lezala langa. Mwana wanga wamkazi ali ku yunivesite. Nzeru anatengera ine, mayi ake anangomupatsa mphuno.

Tsiku lina anandilowetsa mu labu yawo. Aphungu, ndinangoti kakasi! Ndinkayembekezera makina obangula, koma ndinapeza mwana wanga atavala magolovesi, akusakaniza kaufa kakuda bii ndi pulasitiki wamadzimadzi. Anati, "Adadi, uyu ndi kaboni. Akalowerera bwino, pulasitiki amalimba, amadutsitsa magetsi, ndiye timapangira zosungira magetsi zopepuka."

Ndinafunsa, "Kaboni si makala kodi?" Anaseka: "Ndi pachibale."

Basitu! Ndinalengeza kubabashopu kuti magetsi azizima okha, makina anga azilirabe. Ndinasinja makala, n'kusungunula zigubu m'poto wa mayi a mwanayo, makasitomala ali pakhomo kudikira zodabwitsa. Utsi wake! Nkhuku za aneba zinasamuka, akazi anga akutsokomola mpaka lero. Chimene chinatuluka ndi chibuma chonunkha, ngakhale tochi osayatsa.

Mwana wanga atamva sanaseke. Anangoti, "Mukanawapha amayi." Pano akuti tsiku loonetsa ntchito yake kwa maprofesa ndisapondeko. Ine, mwini nzeruzo! Suti ndinasita kale. Nditani?

W.T., m'tauni muno

Bambo W.T.,

Kalata yanu ndaiwerenga nditagwira pakamwa. Utsi wa pulasitiki ndi poizoni. Musanachite china chilichonse, pitani nawo mayiwo kuchipatala akawaone m'chifuwa.

Kaboni wa mwana wanuyo si makala ophikira. Ndi tinthu tating'onoting'ono moti tsitsi limene mumasesa lija ndi chipika mukayerekeza. Amatikonza mwapadera, amatiyeza pasikelo, n'kutimwaza mofanana m'pulasitikimo. Tikangounjikana malo amodzi, ntchito yawonongeka. Inuyo mungalole munthu amete makasitomala anu ndi chikwanje poti nacho n'chitsulo?

Mayiwo muwagulire poto wina, muwapepese mwanayo akumva, nthabwala mutazisiya kubabashopu. Makasitomala muwauze ndi pakamwa panu kuti zinakanika, wina angakayese kwawo. Mwanayo musamuumirize. Chamupweteka si manyazi ayi, anachita mantha kuti akanataya mayi ake. Mtima ukatsika, akuitanani yekha.

Akakuitanani, mukakhale kumbuyo, mukaombe m'manja mokweza mmene mungathere. Koma akakakuonetsani botolo la asidi, chonde bambo, manja m'thumba.

Aphungu