Duwa la Malemu Amayi Ladwala

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti. Mwera wawomba tsiku lonse, koma mtima wanga uli m'malo.

Alangizi a zaulimi anaima pano pochokera ku Benga, ndiye ndinawaonetsa maluwa anga a pakhonde. Masamba achita mawanga achikasu, ena apiringizika. Atatembenuza tsamba limodzi, kunsi kwake kunali nsabwe zobiriwira zili mbwee.

"Mayi, nsabwezi zikayamwa duwa lodwala zimakapatsira lina kachilombo," anatero. "Mankhwala ake kulibe. Zulani muwotche."

Ndawotcha onse, kupatula limene anadzala malemu amayi m'ndowa yobooka. Ndalitsuka ndi madzi a sopo n'kuliika lokha kuseri kwa bafa. Amuna anga andiona ndikulinyamula.

Ndikudziwa kuti silichira. Komabe mawa ndilithirira.