Uthenga Wodukira Panjira

Katuli, Mangochi
14 Febuluwale 2024

Okondedwa achimwene Sadik,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Ine ndili moyo, koma ndikadali kuno ku Katuli.

Bungwe lathu linandituma kudzakonza pulogalamu ya pafoni imene anamwino akuno amatumizira mauthenga kuchipatala cha ku boma. Mauthengawo amayenda obisika kuti wina asawawerenge panjira. Foni ikamaliza kutumiza imayenera kunena kuti "ndamaliza, tseka," kompyuta ya kuchipatalako n'kuyankha kuti "ndalandira zonse, ndatseka." Koma netiweki ya kuno imangothawathawa, ndipo pulogalamuyo inkatenga kuduka kulikonse ngati kutsazikana.

Sabata yatha namwino wina, a Tikhala, analemba kuti, "Mayi wachira bwino. Koma magazi sakusiya, tumizani ambulansi." Ku boma kunangofika zoti mayi wachira bwino, foni n'kuonetsa kuti zonse zapita. A Tikhala anadikira, ambulansi osabwera, mpaka anamukweza mayiyo pa njinga yamoto. Ali moyo, alhamdulillah.

Ndakonza kuti pulogalamuyo isamanene kuti zapita yankho lotseka lisanabwere. Tsopano imachedwa, anamwino akudandaula. Dzulo abwana anga, a Oscar, anandiimbira.

"Shamima, chotsani zodikirazo. Mukachotsa lero, mawa galimoto ibwera kudzakutengani."

Ndinati, "Bwana, ndikachotsa iyambanso kunama."

"Ndiye khalani konko mpaka iyambe kuthamanga," anatero, n'kudula.

Ndikuyesa kuti ikadikira pang'ono yankho osabwera, izitseka yokha n'kuchenjeza namwino kuti aimbe foni. Pena zikutheka, pena zikukanika, ndipo sindingaziyesere kwina koma pa netiweki yoipa yomweyi. Mvula yaononga msewu, matola anasiya kufika. Ngakhale akanafika, ndikachoka abwana atumiza wina wodzangochotsa. A Tikhala akamadutsa pamene ndimakhalapa amangondiyang'ana.

Tsono achimwene, chimene ndalembera ndi ichi. Ku nikah, ukwati wa mng'ono wanga Zena, Lamulungu likubwerali sindikhalako. Amayi akaimba ndimangoti "ndikubwera." Chonde auzeni ndinu, inu amakumverani.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Zena mumuuze kuti diresi imene anandisoketsa ampatse msuweni wathu Shakila, ndife a msinkhu umodzi. Aime kumanja kwa mkwatibwi, pachithunzi pasaoneke mpata.

Ndine mlongo wanu,
Shamima